Opaleshoni ya Khansa Isanafike: Limbitsani Thupi Mothandizidwa ndi Foni Yanu

Adokotala akanena kuti chotupa chija ndi khansa ndipo pakufunika opaleshoni yaikulu, si kawirikawiri kuti wodwala alowe m'fiyeta mawa lake. Pamakhala kuyeza magazi, kujambula m'thupi, kudikira mzere, ndipo ena amayamba alandira kaye mankhwala ochepetsa chotupacho. Kaya ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Manchester, pakati pa tsiku lomva uthenga ndi tsiku la opaleshoni pamadutsa milungu ingapo.

M'makomo ambiri milungu imeneyi imatha wodwala ali chigonere. Madzi osamba amuikira, chakudya amubweretsera pomwe wagonapo, akati adzuke akasese pakhomo ana amulanda tsache: "Amayi, khalani pansi, mukudwala inu." Ndi chikondi chenicheni, koma thupi limalipira. Ofufuza a ku America anagoneka pabedi okalamba athanzi kwa masiku 10 okha, ndipo mu lipoti lawo la mu 2007 anapeza kuti pa avareji munthu anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Awo anali anthu osadwala. Nanga munthu amene khansa yayamba kale kumudya thupi?

Milungu yodikirayi ndi nthawi ya ntchito. Mlimi wanzeru sadikira mvula yoyamba kuti ayambe kusosa. Mizere imakhala itatha mitambo isanayambe kuda. Wodwala nayenso ayenera kufika m'fiyeta miyendo ili yolimba, mapapo akutseguka bwino, magazi ali okwanira. Foni imene muli nayo m'manja ingakuthandizeni pa zinthu zitatu: kuwerenga zimene mwachita, kukukumbutsani nthawi, ndi kukulumikizani ndi anthu okulimbikitsani. Kuyenda, kupuma ndi kudya zimatsalirabe inu.

Chifukwa chake kukonzekera kumathandiza

Opaleshoni yochotsa mbali ya matumbo, chifu, chiberekero, kum'mero kapena phapo imathodwetsa thupi kwa masiku ambiri. Mtima umagwira ntchito yowonjezera, thupi limaphwanya minofu yake kuti lipeze zopoletsera bala, ndipo chifukwa cha ululu wa pabala munthu amapuma pamwambapamwamba, makhololo n'kumaunjikana, chibayo n'kulowa. Amene walowa ali ndi mphamvu zapadera amakhala ndi pochotsa. Amene walowa atafooka kale amatsika kufika posatha kudzuka yekha.

Madokotala a pa McGill University ku Montreal, motsogozedwa ndi Francesco Carli, ndi ena mwa amene anayamba kuyesa mwadongosolo njira yophatikiza masewera olimbitsa thupi, chakudya chabwino ndi kukhazika mtima pansi opaleshoni isanachitike. Zotsatira za kwina zinadzatsimikiza. Ku Barcelona, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 wa odwala ofooka amene ankayembekeza opaleshoni yaikulu ya m'mimba, 31 mwa 100 alionse amene anakonzekera anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni, pamene mwa osakonzekera anali 62 mwa 100. Mu 2023 munatuluka kafukufuku wina wotsogozedwa ndi madokotala a ku Netherlands, wa odwala khansa ya m'matumbo 251. Zovuta zazikulu zinagwera pafupifupi 17 mwa 100 mwa amene anakonzekera kwa milungu inayi, ndi pafupifupi 30 mwa 100 mwa enawo. Ku Britain, dera la Greater Manchester lili ndi ndondomeko yotchedwa Prehab4Cancer kuyambira 2019, imene imatumiza odwala khansa kukachita masewera asanachitidwe opaleshoni.

M'makafukufuku onsewa odwala ankayang'aniridwa ndi akatswiri maso ndi maso. Ambiri a ife tilibe mwayi wokumana ndi dokotala wa mafizo katatu pa mlungu, ndipo chipatala chachikulu chingakhale ulendo wa tsiku lonse. Apa m'pamene foni imatseka mbali ya mpatawo. Silowa m'malo mwa katswiri, koma imachititsa kuti malangizo amene anakupatsani tsiku limodzi azitsatidwa masiku onse.

Gwirani mfundo iyi musanapitirire: musasinthe kapena kuchedwetsa tsiku la opaleshoni pofuna kuti muyambe mwalimba. Ngati mwatsala ndi milungu inayi, igwiritseni ntchito. Ngati mwatsala ndi masiku 10, nawonso ndi ntchito.

Yambani ndi kufunsa kuchipatala

Musanatsitse app iliyonse, kambiranani ndi adokotala, a kliniko ofesa kapena anamwino amene akukuonani. Lembani mafunso m'foni kapena papepala kuti musaiwale mukalowa m'chipinda. Funsani ngati pali chimene chingakuletseni kuyenda mofulumira kapena kunyamula zolemera, makamaka ngati khansa yafika m'mafupa, ngati muli ndi vuto la mtima, kapena ngati mumataya magazi. Funsani mlingo wa magazi anu, umene achipatala amautcha Hb. Bungwe la World Health Organization limati magazi achepa ngati Hb ili pansi pa 13 kwa mwamuna ndi pansi pa 12 kwa mkazi amene si woyembekezera, ndipo amayi ambiri odwala khansa ya khomo la chiberekero amakhala atataya magazi kwa miyezi. Kuchepa kwa magazi kumathandizika, koma kumafuna nthawi, choncho kudziwike msanga. Funsaninso ngati pali zakudya zoti mupewe, ndiponso ngati mungaonane ndi a mafizo ndi katswiri wa zakudya ngakhale kamodzi kokha.

Ngati alola, jambulani malangizowo pafoni kapena pemphani m'bale amene mwapita naye alembe. Munthu amene wangomva kumene za khansa amatuluka m'chipinda cha dokotala atagwira zochepa kwambiri.

Konzani foni

Simukufunika foni yodula. Mafoni amakono ambiri, kuphatikizapo a Tecno ndi itel, ali ndi kachipangizo m'kati kamene kamamva kugwedezeka kwa thupi munthu akamayenda. App yowerenga masitepe imadalira kachipangizoka, osati intaneti, choncho bandulo imafunika potsitsa pokha. Mafoni a Samsung ali ndi Samsung Health. A iPhone ali ndi Health, imene imawerenga yokha masitepe. Pa mafoni ena a Android fufuzani mawu akuti pedometer pa Play Store, musankhe yaulere, yaing'ono, yosafuna kulembetsa zambiri. Amene muli ku Britain muli ndi Active 10 ya NHS, imene imawerenga mphindi zimene mwayenda mwachangu.

Mukatsitsa, ipatseni chilolezo choona mayendedwe a thupi, apo ayi idzangoonetsa ziro tsiku lonse. Mafoni ena amatseka okha ma app posunga batire. Lowani m'masetingi muilole kugwira ntchito nthawi zonse. Ngati zimenezi zikukuvutani, mwana kapena mdzukulu angazichite m'mphindi zochepa.

Foni imawerenga ikakhala pathupi. Ikani m'thumba la buluku kapena la siketi. Amayi amene mulibe matumba, sokani kathumba ka chitenje komangira m'chiuno. Dziwani kuti minibasi kapena kabaza pamsewu wa mabampu zingawonjezere masitepe abodza, choncho onani nambala musanakwere ndi mutatsika. Ngati pakhomo pali foni imodzi, gwirizanani kuti nthawi yoyenda ikhale m'manja mwa wodwala, ndipo muitchaje magetsi kapena dzuwa zikadalipo.

Kenako tcherani ma alamu. Imodzi ya m'mawa yoyendera, ina ya madzulo, zitatu za masewera a kupuma mozama, ndi za mankhwala. Iliyonse ilembeni dzina lake, kuti ikalira aliyense m'nyumba adziwe chimene yalirira. Tsegulaninso tsamba limodzi pamalo olemba m'foni, kapena gulani kope la sukulu, muzilemba madzulo alionse: masitepe, mphindi zoyenda, zimene mwadya, ndi mmene mwamvera m'thupi. Amene muli ndi foni ya mabatani musadzione otsalira. Alamu ndi wotchi zilimo, ndipo kuwerenga mphindi kumagwira ntchito yofanana ndi kuwerenga masitepe.

Dziwani pamene mukuyambira

Masiku atatu oyamba musasinthe kanthu. Nyamulani foni, chitani zimene mumachita masiku onse, mulembe masitepe madzulo. Phatikizani manambala atatuwo mugawe patatu. Imeneyo ndiyo nambala yanu yoyambira, ndipo kaya ndi 1,500 kaya 6,000, palibe yochititsa manyazi. Ngati tsiku la opaleshoni lili pafupi kwambiri, tsiku limodzi likwanira.

Chitaninso mayeso awiri amene a mafizo amagwiritsa ntchito. Oyamba ndi kuyenda kwa mphindi 6. Sankhani malo osalala pakati pa mitengo iwiri kapena zizindikiro ziwiri zimene mwaika, tcherani wotchi ya pafoni, muyende kupita ndi kubwera mwachangu chimene mungathe popanda kuthamanga. Mukatopa imani, wotchi izipitirira. Wina awerenge maulendo amene mwazungulira. Achiwiri ndi kudzuka pampando. Tsamiritsani mpando wolimba kukhoma, khalani, pingasani manja pachifuwa, muone kuti mungaimirire ndi kukhalanso kangati m'masekondi 30. Wina aime pambali panu kuti musagwe. Lembani zotsatira, ndipo muzibwereza mayesowa kamodzi pa mlungu, pamalo omwewo ndi pampando womwewo.

Kuyenda

App zambiri zimabwera zitaika kale cholinga cha masitepe 10,000 pa tsiku. Nambala imeneyi inatchuka ndi otsatsa malonda a kachipangizo kowerengera masitepe ku Japan m'zaka za m'ma 1960, sinaikidwire odwala. Isintheni. Ikani nambala yanu yoyambira muwonjezerepo masitepe 500. Mukaikwanitsa masiku atatu otsatizana popanda kudzuka muli wofooka, wonjezerani enanso 500. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kuchuluka kwa masitepe si zonse. Mtima ndi mapapo zimalimba pamene mukuyenda mwachangu ndithu. Muyeso wosavuta ndi pakamwa panu: ngati mungathe kulankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo, liwiro lake ndi limenelo. Ngati mukuimba bwinobwino, fulumirani pang'ono. Ngati mawu akudukaduka moti simungamalize chiganizo, chepetsani. Kwa akuluakulu ambiri liwiro limeneli ndi masitepe pafupifupi 100 pa mphindi.

World Health Organization imalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi zoterezi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, kutanthauza mphindi 30 kwa masiku asanu. Musakakamire kufika pamenepo mlungu woyamba. Yambani ndi mphindi 10 m'mawa ndi 10 madzulo, kapena 5 ngati mwafooka. Mukazolowera, sakanizani: mphindi imodzi mwachangu, ziwiri pang'onopang'ono, mobwerezabwereza. Wotchi ya pafoni ingamalire nthawi yosintha ikakwana.

Yendani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Tengani madzi, valani nsapato zogwira phazi osati mapatapata, ndipo musapite kutali nokha. Kuzungulira bwalo la sukulu kapena la tchalitchi kuli bwino kuposa msewu wa galimoto. Mvula ikagwa, pondani pamodzimodzi pakhonde mukukweza maondo. Ngati mukulandira mankhwala a khansa a m'diripi, padzakhala masiku amene thupi lidzakana. Masiku amenewo yendani mphindi zochepa pabwalo, mupume, osadziimba mlandu chifukwa cha nambala ya pafoni.

Minofu

Tsiku loyamba pambuyo pa opaleshoni, ntchito yaikulu idzakhala kudzuka pabedi ndi kufika kuchimbudzi. Imafuna ntchafu, matako ndi mikono. Kawiri kapena katatu pa mlungu, modumphitsa tsiku, chitani izi:

Dzukani pampando ndi kukhalanso maulendo 8 mpaka 12. Gwirani khoma kapena msana wa mpando, imani ndi zala za kumapazi ndi kutsikanso. Imani moyang'ana khoma, ikani zikhatho pakhomapo, pindani zigongono mpaka nkhope iyandikire khoma, kenako dzikankheni kubwerera. Dzazani madzi m'mabotolo awiri a theka la lita, muwakweze kuchoka m'chiuno kufika paphewa. Kwerani ndi kutsika sitepe imodzi ya pakhonde mutagwira mzati.

Chilichonse chitani maulendo 8 mpaka 12, mupume mphindi imodzi, mubwereze. Musagwire mpweya pamene mukukankha kapena kunyamula; tulutsani. Mukakumana ndi a mafizo, apempheni kuti muwajambule kanema akukuonetsani, kapena iwo akujambuleni inu mukuchita molondola. Kanema wa mphindi ziwiri ameneyo ndi wopambana makanema ambiri a pa YouTube, amene anakonzedwera achinyamata athanzi.

Mapapo

Apa pali phindu lalikulu pa ntchito yochepa. Kafukufuku wa ku Australia ndi New Zealand wofalitsidwa mu 2018 anatsata odwala oposa 400 oyembekeza opaleshoni ya kumtunda kwa mimba. Amene anaphunzitsidwa ndi a mafizo kwa mphindi 30 zokha za kapumidwe ndi kufunika kwake, mavuto a m'mapapo anawagwera 12 mwa 100, pamene amene anangopatsidwa kabuku anali 27 mwa 100.

Khalani mowongoka, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno mpaka nthiti za m'munsi zitambasuke. Ugwireni masekondi atatu, kenako muutulutse mofatsa pakamwa. Chitani maulendo 10, mupume pang'ono, muchitenso 10. Pomaliza kumbatirani pilo kapena chitenje chopindapinda pamimba, mutsokomole katatu mwamphamvu. Mukamva chizungulire, imani kaye mupume mwa nthawi zonse.

Chitani zimenezi katatu pa tsiku alamu ikalira. Cholinga ndi chakuti thupi lizolowere, kuti mukadzatsitsimuka ku mankhwala ogonetsa muli ndi bala ndi ululu, musadzayambe kuphunzira pamenepo. Pambuyo pa opaleshoni mudzazichita ola lililonse muli maso, ndipo gadiyani wanu ayenera kuzidziwa kuti azidzakukumbutsani.

Mbale ya wodwala

Masewera opanda chakudya amangomaliza munthu. Chimene chimasowa kwambiri m'mbale zathu ndi zakudya zomanga thupi. Akatswiri a zakudya ku Ulaya amalangiza kuti wodwala khansa azidya mapuloteni oposa galamu imodzi, mpaka galamu imodzi ndi theka, pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Munthu wolemera makilogalamu 60 afunika magalamu 60 mpaka 90. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Kapu ya mkaka ili ndi pafupifupi 8. Mtedza wa magalamu 100 uli ndi pafupifupi 25. Usipa, matemba, soya, nyemba, nandolo, nzama, nkhuku ndi chambiko zonse zimathandiza. Ngati muli ndi matenda a impso, funsani kaye adokotala musanawonjezere.

App zowerenga chakudya zambiri sizidziwa nsima, futali kapena thobwa, ndipo zambiri zinapangidwira anthu ofuna kuonda. Musazitsatire. Ino si nthawi yochepetsa thupi. Njira yosavuta ndi kamera: jambulani mbale iliyonse musanadye ndi mutadya. Madzulo yang'anani zithunzizo mudzifunse ngati pa chakudya chilichonse panali chomanga thupi, ndi kuti mwadya zochuluka bwanji. Zithunzizi zidzamuuza katswiri wa zakudya zoona zimene pakamwa pangabise.

Ngati chilakolako chatha, idyani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, alamu izikukumbutsani. Yambani ndi ndiwo, nsima itsatire. Thirani nsinjiro, mkaka kapena dzira m'phala pamene likuphikidwa; Likuni Phala ndi yabwinonso. Sankhani mtedza wopanda chuku. Odwala khansa ya kum'mero, imene ndi yofala kwambiri m'Malawi, amafunika zakudya zofewa ndi zamadzimadzi zosefa bwino, ndipo kumeza kukayamba kukanika ndi madzi omwe, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Amene chotupa chapanikiza matumbo afunse ngati nyemba, mgaiwa ndi masamba ambiri zili zoyenera kwa iwo.

Dziyezeni pasikelo kamodzi pa mlungu, kuchipatala chapafupi ngati pakhomo palibe, mulembe. Kulemera kukamatsika mlungu ndi mlungu, adokotala adziwe. Ngati anakupatsani mapiritsi owonjezera magazi, musamwere tiyi, chifukwa tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi.

Fodya, mowa ndi mankhwala

Mu 2020 World Health Organization inalengeza kuti osuta amene asiya fodya milungu inayi kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike amakumana ndi zovuta zochepa, ndipo mabala awo amapola bwino. Siyani lero, kaya ndi ndudu, chingambwe kapena fodya wa m'mphuno. Lembani tsikulo m'foni, muziwerenga masiku. Mowa nawonso ulekeni. Koma amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku auze adokotala poyamba, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kunjenjemera ndi kukomoka.

Ma ARV, mankhwala a shuga ndi a BP pitirizani kumwa panthawi yake. Jambulani mabotolo ndi mapaketi onse kuti mudzaonetse dokotala wogonetsa, amene adzakuuzeni oti musiye ndi tsiku losiya. Asipirini ndi mankhwala osungunula magazi musasiye kapena kuyamba mwa nokha. Mankhwala azitsamba ndi ogula kwa ogulitsa a pa Facebook muwatchule mosabisa, pakuti ena amachititsa kuti magazi asaleke kutuluka. Gonani m'neti usiku uliwonse. Malungo angalepheretse opaleshoni imene mwaidikira milungu yambiri.

Banja liyende nawo

App zambiri zimaiwalika pakangotha mlungu umodzi. Chimene chimagwira munthu ndi anthu. Tsegulani gulu laling'ono la WhatsApp la anthu atatu kapena anayi amene wodwala wasankha yekha. Madzulo alionse atumize chithunzi cha masitepe ake, ena ayankhe. Mwana amene ali ku Joni kapena ku Britain, amene amasowa chochita kupatula kutumiza ndalama, angaimbe foni nthawi yoyenda n'kumayenda naye ali kutali. Pakhomo pakhale munthu mmodzi woyenda ndi wodwala tsiku lililonse. Alendo odzazonda matenda musangowayalira mphasa, auzeni kuti, "Tiyeni tiwaperekeze bambo azungulire, tizicheza tikuyenda."

Musatembenuze nambala kukhala chikwapu. Tsiku limene masitepe achepa, funso likhale lakuti, "Mwamva bwanji m'thupi lero?" osati kudzudzula. Ndipo nkhani ya matenda ndi ya mwini wake. Musatumize zotsatira za kuchipatala kapena zithunzi zake ku magulu a mpingo kapena a mtundu iye asanavomere.

Mantha nawo ndi mbali ya matendawa. Amalanda tulo, amatseka kukhosi. Kupuma kozama kuja kumathandiza pogona. Nyimbo zauzimu, mapemphero, kapena mawu amene mdzukulu wajambula zingakhale m'foni kuti muzimvera usiku. Koma lekani kufufuza za matenda anu pa intaneti pakati pa usiku. Zimene mudzapeze ndi nkhani za anthu ena. Funso likabwera, lilembeni mudzafunse kuchipatala. Ngati nkhawa yafika posadya ndi posagona masiku angapo, nenani kwa anamwino kapena kwa gulu la chisamaliro chochepetsa ululu, amene ntchito yawo si ya odwala otsala pang'ono kumwalira okha.

Zimene foni singathe

Musakhulupirire app yonena kuti ingayeze BP, shuga kapena mpweya wa m'magazi pongoika chala pakamera kapena pagalasi la foni. Zimenezo zimayezedwa ndi zipangizo zake. Kugunda kwa mtima mungawerenge nokha: ikani zala ziwiri pamkono pafupi ndi chala chachikulu, werengani masekondi 30, muchulukitse kawiri. Omwa mankhwala ngati atenolol dziwani kuti mtima wanu sufulumira kwambiri ngakhale mutopa, choncho dalirani muyeso wa kulankhula uja. Pewani app zofuna nambala ya khadi la kubanki kapena zodula ndalama mwezi ndi mwezi, ndi zonse zolonjeza kuchiza khansa ndi zakudya kapena kusala.

Koposa zonse, foni siimva ululu wanu. Siyani masewera nthawi yomweyo ndipo pitani kuchipatala mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, kubanika kosatha ngakhale mutapuma, chizungulire chofuna kukugwetsani, kapena mtima kugunda mosalongosoka. Chimodzimodzi ngati mwendo umodzi watupa, kutentha ndi kupweteka, chifukwa khansa imachititsa magazi kuundana m'mitsempha. Musachedwenso ngati mukutaya magazi ambiri, mukusanza mosalekeza, mimba yatupa ndipo chimbudzi chaima, kapena fupa kaya msana zayamba kupweteka mwachilendo. Kwa amene akulandira mankhwala a khansa a m'diripi, kutentha thupi kofika madigiri 38 ndi ngozi ya ola lomwelo, ngakhale usiku.

Mlungu womaliza ndi masiku a m'wodi

Pitirizani kuyenda ndi kupuma mozama mpaka tsiku logonekedwa, koma masiku awiri omaliza musadzitopetse. Bwerezani mayeso awiri aja mulembe zotsatira. Tengani kope lanu, buku la kuchipatala, mankhwala onse, foni ndi tchaja. Onetsani dokotala wogonetsa zimene mwalemba. Kudziwa kuti mumayenda mphindi 30 popanda kuima kumamuthandiza kukonza chisamaliro chanu. Za nthawi yosiya kudya ndi kumwa tsatirani zimene achipatala anena, osawonjezera kusala kwanu.

Opaleshoni ikatha, manambala adzagwa, ndipo n'zoyembekezeka. Chotsani cholinga chakale, muyambirenso pansi. Anamwino akalola, khalani tsonga m'mphepete mwa bedi, kenako imani, kenako yendani mpaka pakhomo la wodi gadiyani atakugwirani. Pemphani mankhwala a ululu nthawi yoyenda isanakwane, chifukwa kupirira ululu mwakachetechete kumangokulepheretsani kupuma mozama ndi kutsokomola. Tcherani alamu ya ola lililonse la masana, muichepetse mawu kuti isasokoneze odwala anzanu. Mukatuluka, funsani kuti mudikire milungu ingati musananyamule ndowa ya madzi, mwana kapena khasu, ndipo mulembe tsiku lobwerera kuchipatala m'foni musanakwere galimoto yopita kunyumba.